Katchipi ka mawu a amayi

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, oyendetsa minibasi ya ku Limbe. Anandibisira katchipi kakang'ono ngati chikhadabo, kamene ndinkafuna kuti amayi azitha kupempha madzi ndi mawu awoawo. Anakasunga m'galimoto mwawo nyengo yonse yotentha, ine ndikuwafunsa madzulo aliwonse, iwo n'kumandiyankha kuti sikanafike. Amayi anamwalira katchipiko kali momwemo.

Ine sukulu ndinalekeza Folomu 2. Ndinakangana ndi aphunzitsi ena, ndinamenyetsa chitseko, sindinabwererenso. Kwathu amati ndine wa mtima wapachala, ndipo sindikana. Chimene ndimatha ndi mawaya. Ndili ndi benchi pa msika wa Milonde, pakhonde la golosale ina, pomwe ndimakonza mafoni, mawailesi, matochi ndi timagetsi ta sola. Zambiri ndinaphunzira pophwasula zinthu zakufa ndi poonera mavidiyo pafoni, bandulo ikalola.

Amayi anatchola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana. Makolo awo anachokera ku Mozambique, m'nyumba ankayankhula Chilomwe, choncho Chichewa chawo chinali ndi lilime lakelake. Sankati madzi, ankati matsi. Sankati bwera, ankati pwera. Tili ana tinkawayeserera dala, iwo n'kumatithamangitsa ndi chikuni.

Chaka chimene anamwaliracho, tikukolola chimanga, anagwa pabwalo atasenza dengu. Ku chipatala cha ku Boma anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatheratu. Chinatsala ndi kaphokoso kamodzi, aa, aa, kofanana kaya akufuna madzi, kaya mwendo ukupweteka, kaya dzuwa lawaotcha. Kuwafunsa sikunkathandiza, chifukwa ankagwedeza mutu kuvomera chilichonse. Mukufuna phala? Avomera. Simukulifuna? Avomeranso.

Achemwali ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzawasambitsa, koma masana ndinali ine. Tsiku lina anayamba aa, aa wawoyo. Ndinabweretsa madzi, anatembenuza nkhope. Ndinabweretsa phala. Ndinakokera mphasa pamthunzi, ndinaikokeranso padzuwa. Iwo ankafuna kuchimbudzi. Anadzinyowetsa ine ndikuona, ine mwana wawo wamwamuna, iwo n'kuphimba nkhope ndi dzanja lamoyolo. Munthu amene moyo wake wonse sanayanikepo chovala chamkati poti mwana aone. Ndinatuluka, ndinakamenya chibakera pamtengo wa peyala mpaka zala zinatupa.

Maganizo a bokosi anandibwerera pamenepo. Kale ndinakhalako ku Limbe pa ganyu, ndipo amayi ankanditumizira mauthenga a mawu pafoni ya achemwali. Sindinafufute ndi umodzi womwe. Ndinawaikira wina kuti amve, uja ankandikalipira kuti sindibwera kumudzi. Anamvetsera, anayang'ana foni, kenako anadzimenya pachifuwa ndi dzanja lamanzere, ngati akuti ndine ameneyo. Ndinati basi, mawu alipo, akungosowa potulukira. Foni sakanatha kuigwiritsa ntchito, dzanja linkanjenjemera, galasi n'kumatsegula zina. Ndinkafuna bokosi la mabatani akuluakulu, batani lililonse mawu ake, kuti akadina azidziyankhulira.

Ndinayamba kusaka mawu m'mauthengamo ngati munthu wotola nyemba mumchenga. Matsi ndinawapeza pomwe ankadandaula kuti mjigo wafa, matsi tikukatunga kutali. Kupweteka ndinakudula pa nkhani ya bondo lawo. Chimbudzi chinandivuta, koma chinapezeka mu uthenga wa chaka chimene mvula inachigwetsa. Pwera analipo wambiri. Koma wochuluka kuposa onse anali ayi. Amayi anali ndi ayi wa mitundumitundu, wokana, wodabwa, wonyoza, ndipo ndinasankha uja wouma ankakanira nawo anthu obwereka khasu.

Ubongo wa bokosilo unali kabolodi kena kamene mnzanga anandisiyira popita ku Joni, kakompyuta kosaposa bokosi la machesi. Umakalembera malangizo kuti batani ili likadinidwa, tenga mawu awa pa memori, uwatulutse. Koma vuto lili apa: pa memori mawu sakhala mawu, amakhala manambala. Sipika nayo manambala siiwadziwa, imangodziwa magetsi okwera ndi kutsika. Pakati pamafunika womasulira, ngati uja amaima pambali pa mlaliki wachilendo kutchalitchi. Womasulirayo ndi katchipi kotchedwa DAC, kosandutsa manambala kukhala mawu.

Kabolodi kanga kanali nako kake m'kati, ka mabiti 8. Mabiti ali ngati maso a sefa: akachepa, ufa umatuluka ndi misere. Ndinkadziwa kuti n'kofooka, koma changu chinandipha. Ndinalumikiza sipika ya wailesi yakufa, ndinaboola kontena ya pulasitiki, ndinaikamo mabatani. Pa benchi, m'phokoso la msika, ndinkamva ngati zili bwino.

Ndinapita nalo kunyumba Lamlungu lina la chiperoni, phiri litabisala m'nkhungu. Achemwali analipo, alamu analiponso, atakhala pampando pakhomo akutafuna nzimbe.

"Injiniya wafika," anatero alamu. "Mwatipangira chiyani, alamu, ndege?"

"Mungoona."

Ndinaika bokosi pamiyendo pa amayi, ndinagwira chala chawo, ndinachidinitsa batani loyamba. Mwakachetechete m'nyumba muja ndinamva chimene msika unandibisira. Kunayamba nsss, ngati mafuta m'chiwaya, kenako mawu okhakhala, a chinkhalamba chachimuna cholankhulira m'chitini. Mawuwo ankamveka kuti ndi madzi, koma tsi uja, tsi wa amayi, anamira m'phokosomo. Anali madzi a munthu wina aliyense.

Amayi anayang'ana bokosi. Anadinanso okha. Anadinanso. Kenako misozi inayamba kutsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe, chala chikudinabe, bokosi likungoti nsss, nsss.

"Chotsa chinthu chakocho!" anakuwa achemwali. "Wawaliza, ukuona? Chotsa!"

"Akulira chifukwa si mawu awo! Ndi katchipi koipa, ndisintha!"

"Iwe ndi timawaya tako. Amayi si wailesi."

Alamu analavula zotafuna zawo, anaimirira, anatuluka.

Masabata otsatira ndinakhala pa benchi ngati wodwala, ndikusankha katchipi. Makasitomala ankabwerera ndi mafoni awo. Bandulo yonse inkathera pa mapepala a anthu opanga zinthuzi, ndipo Chingerezi chake chinkandimenya mbama. Mawu amodzi ndinkawafufuza, n'kupeza kuti tanthauzo lake lili ndi mawu ena atatu oti ndifufuzenso. Pamenepo m'pamene chitseko cha kusukulu chija chinkandiwawa.

Zosankha zinatsala zitatu. Koyamba kanali ka mabiti 12, ndipo kanali pafupi, mnzanga wina wokonza ma TV ku Boma anali nako. Ndinatsala pang'ono kukakatenga. Koma nditawerengetsa ndinapeza kuti ntchito yake yeniyeni ndi kukweza kapena kutsitsa magetsi pang'onopang'ono, monga kuwala kwa babu. Manambala amalowamo podutsa njira yopapatiza, ngati mlatho wa mtengo umodzi, pomwe mawu a munthu amabwera chigulu, mothamanga. Ena pa intaneti ankati zimatheka, ena ankati mawu amachita chibwibwi. Amayi analibe chibwibwi.

Ziwiri zinazo zinali za mabiti 16, zopangidwira mawu enieni. Kena kanali ndi chokweza mawu m'kati momwemo, mawaya ochepa, batire kukhalitsa, kungolumikiza sipika basi. Nzeru zinkati tenga kameneko. Koma munthu wina analemba kuti kake kankati thu mawu asanayambe, ndipo ine thu ameneyo ndinamumva m'mutu mwanga, ndinaona amayi akudzidzimuka naye. Kachitatu kanalibe chokweza mawu, kankafuna ntchito yambiri ndi waya wina wowonjezera, koma onse ankagwirizana kuti mawu ake ndi oyera ngati madzi a m'phiri. Chokweza ndinali nacho kale, cha m'wailesi yabwino imene mwini wake anaitaya. Ndinasinthasintha maganizo mpaka mutu kuwawa. Sindinkasankha chitsulo, ndinkasankha pakamwa pa amayi anga. Ndinatenga kachitatu.

Kuno kulibe. Alamu anali atanenapo kuti amadziwana ndi munthu wa sitolo ya zipangizo za mawailesi ku Limbe, amene amaitanitsa zinthu kunja. Ndinawadikira pa siteji, ndinawaonetsa chithunzi pafoni, ndinawatumiziranso pa yawo.

"Tchipi?" anatero. "Wa mbatata kapena wa chinangwa? Ndikuthirireni tsabola?"

"Alamu, si zoseka izi. Nambala yake ikhale yomweyi. Akakupatsani ka mabiti 12 mukane. Akakupatsani kolembedwa ADC mukanenso, kameneko n'kobwerera chammbuyo, kamasandutsa mawu kukhala manambala."

"Zilembo zake si zomwezo?"

"Mbuzi ndi zimbu n'zimodzi?"

Anaseka mpaka kugunda chiwongolero. "Chabwino, bwana injiniya. Musadandaule, ife ndi a pamsewu."

Anabwera nalo yankho loti munthuyo waitanitsa, tidikire. Ndinadikira. Ndinapanga bokosi latsopano la matabwa, ndinalipala bwinobwino kuti lisawabaye. Mabatani ndinawapaka utoto wosiyanasiyana. Chokweza mawu ndinachiwotcherera, malangizo ndinalemba, mawaya a katchipiko ndinawasiya ali lende, akudikira mwini malo.

Chiperoni chinatha, kunayamba kutentha. Madzulo aliwonse minibasi ikamatsitsa anthu omaliza, ine ndili pawindo.

"Alamu, kafika?"

"Sikanafike, alamu. Akuti katundu wagwidwa pa boda."

Tsiku lina akuti sitima yachedwa. Tsiku lina akuti sitolo anaipeza yotseka, mwini wake ali ku maliro. Ndinawapempha nambala ya munthuyo, anati aiwala kuisunga, abwera nayo mawa. Ndinati ndipite ndekha, anati mutayiranji tsiku, amayi atsala ndi ndani, zimenezi tisiyireni ife. Ndipo zinali zoona, masana panalibe wina wowanyamula. Ndinawakhulupirira. Ine amene ndimakangana ndi aliyense, amene sindikhulupirira ngakhale sikelo ya wogula nandolo, ndinawakhulupirira alamu anga.

Bokosi lakale lija achemwali analiponya padenga la khitchini, ndipo nanenso sindinkafuna kulimvanso. Ndinayesa kusefa phokoso lake ndi tizipangizo ta m'mawailesi, nsss ankachepa, koma mawu ankafota nawo limodzi, kukhala ngati munthu akulankhula atafunda bulangete. Tinabwerera ku aa, aa. Ndinaphunzira kulota. Nthawi zina ndinkalondola, nthawi zambiri ayi. Amayi anayamba kukana kumwa madzi masana, ndipo ndinachedwa kuzindikira kuti ankaopa kudzinyowetsanso pamaso panga. Milomo inkachita ming'alu kutentha kwa Okutobala kuja, kapu ili pambali, iwo atayang'ana kukhoma.

Tsiku lomaliza linali la mitambo, mvula yoyamba ikununkhira koma isanagwe. Kuyambira m'mawa ankaitana. Aa, aa. Ndinapereka madzi, ayi. Ndinawatembenuza, ayi. Ndinasisita mwendo, ndinatsegula windo, ndinaitana achemwali, anabwera, anawasintha, anawafunsa ngati akufuna abusa, anavomera, anawafunsa ngati sakuwafuna, anavomeranso. Diso lawo linali pa ine, dzanja likukanda mphasa. Panali chimene ankafuna. Mwina chinali chimodzi mwa zomwe zinali pa mabatani aja, mwina sichinali. Dzuwa likupendeka anasiya kuitana. Mpaka lero sindidziwa.

Pa maliro alamu anagwira ntchito kuposa aliyense. Minibasi yawo ndi imene inanyamula nkhuni, inanyamula amayi a mvano, inakatenga achibale ku malire. Anthu ankati mkamwini ndi ameneyu. Nanenso ndinawathokoza, ndinawagwira dzanja ndi manja awiri. Za katchipi sindinafunsenso. Kakanagwira ntchito yanji? Bokosi lamatabwa ndinalikankhira pansi pa bedi.

Chimanga chitafika m'mawondo, alamu anaimitsa minibasi pafupi ndi benchi yanga masana. Anati wailesi ya m'galimoto yangozima, apaulendo akudandaula, tandionereni. Iwo anapita kukagula nanazi, ine ndinalowa kutsogolo. Ndinaganiza kuti ndi fyuzi, ndipo mafyuzi a galimoto imeneyo amakhala kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi. Ndinakatsegula, ndinayamba kutulutsa zinyalala: sipanala, nsanza ya mafuta, mabotolo a mankhwala a mutu, chipewa chakale. Pansi penipeni panali kathumba konyezimira, kaja amaikamo zipangizo zamagetsi, katachita fumbi lofiira la m'chilimwe, katamatirira ku switi yosungunuka.

Ndinakang'amba ndi mano. Kabolodi kofiirira, katchipi kakuda pakati. Ndinawerenga nambala. Inali yomweyo. Sanalakwitse ndi chilembo chimodzi chomwe.

Ndinangomva chitseko chikutseguka, alamu atanyamula nanazi ziwiri m'khwapa. Anaona chimene chinali m'dzanja langa. Anaika nanazi pampando pang'onopang'ono.

"Kanafika liti?" ndinafunsa.

"Alamu, tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Kanafika liti?"

"Kalekale. Chiperoni chisanathe." Anapukuta manja pa thalauza. "Sikanachedwe n'komwe. Munthu uja anali nako kena m'sitolo."

"Achemwali akudziwa?"

"Ayi. Ndinaganiza ndekha." Anayang'ana kumsika, anayang'ananso ine. "Alamu, ine ndinalipo tsiku lija. Ndinawaona mmene analirira. Inu mukuti analira chifukwa mawu sanali awo. Ine ndinaona zina. Ndinaona munthu wamkulu, amene ankaitana mudzi wonse ali pakhomo pake, akupatsidwa kabokosi koti azidina ngati mwana. Analira chifukwa anadzimva, alamu. Ndinati kakabwera koyera bwinoko, adzadzimva kwenikweni, mtima udzaima. Pafoni ankangomvera nkhani zakale. Pabokosi chinali chala chawo chikupemphetsa."

"Ndiye osandiuza?"

"Inuyo? Kukuuzani inu kuti ayi? Mukanaswa galasi la galimoto ya eni ake. Ndinati ndizingokankha masiku, mwina muiwala."

Anthu anali atayamba kuima. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira. Kondakitala anatsika, anaima chapatali. Onse pa Milonde amandidziwa, ankadikira kuti sikuludiraiva imene inali m'dzanja langa lina ipita kuti. Nanenso ndinkadikira. Koma moto umene umandiyakira pa zinthu zopusa, pa kasitomala wonama, pa njinga yondiwaza matope, tsiku limenelo sunabwere. Chondiwawa chinali chakuti mwina ankanena zoona. Mwina amayi analiradi chifukwa cha zimenezo. Koma chala chija chinkadinabe, palibe amene ankachigwira. Munthu mmodzi yekha ndi amene akanatiweruza, ndipo njira yomufunsira inali itagona pansi pa nsanza ya mafuta, ikupita ku Limbe n'kubwerako tsiku ndi tsiku, ikudutsa pa mphambano ya kwathu.

Ndinaika sikuludiraiva m'thumba. Katchipi ndinakaika pa dashibodi, padzuwa, ndinatsika. Chibadwire sindinawatchulepo alamu kuti iwe, ngakhale titakangana chotani. Ndinaima pafupi moti ndinkamva fungo la nanazi m'malaya mwawo.

"Iwe," ndinatero, "pa mabatani aja panali lina lofiira lonena kuti ayi. Akanakhala kuti sakulifuna bokosilo, akanadina okha, ine ndikanalitentha pamaso pawo. Unawayankhira ndiwe. Matenda anawatseka pakamwa kamodzi, iwe unawatseka kachiwiri, n'kumabwera kudzawapatsa moni ndi manja awiri. Katenge kameneko, kasunge, wakazolowera. Ndipo tsiku lako likadzafika, lilime likadzauma, usadzaitane ine kuti ndidzalote chimene ukufuna."